ZA CUMA CA PAKHOMO: Nkhongole Zikamkulira Munthu, Nanga Buku la ku Banki?

Sabata latha ndinali ku Mpanshya m'boma la Rufunsa. Pamene ndinali kuyembekezera basi ya ku Lusaka pa mseu wa Great East, anandipeza bambo wina wacikulire amene kale anali ndi kasitolo m'njira yopita ku cipatala ca St Luke's. Titalonjerana, mkuluyo anakhala pansi nayamba kulongosola mavuto ace.

Kasitolo kaja kanagwa ndi cilala ca 1 caka cimodzi cokha, ca 2024, cimene Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, anacilengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse pa 29 February caka comweco. Anthu amene anatenga sopo, mcere ndi saladi pa nkhongole sanakolole kanthu, motero sanabweze. Lero bamboyo ali ndi nkhongole zitatu: ya ku banki, ya kwa mwini sitolo yaikulu ya ku Lusaka, ndi ya kaloba. Wakalobayo anamlanda khadi la ku banki pamodzi ndi nambala yace yacinsinsi.

"Mwana wanga," anatero, "ndiyembekezera ndalama za cimanga cimene ndinagulitsa. Kodi ndizicotse msanga ndi kuziika m'buku la amai ako kunyumba, eni nkhongole asanazione?"

Funso limeneli liri m'mitima ya ambiri, aphunzitsi ndi anamwino omwe, ndipo nkoyenera kuti tiliyankhe poyera.

Dziko lathu liri ndi lamulo la munthu wolephereratu kubweza nkhongole, lochedwa Bankruptcy Act, mutu 82 wa Malamulo a Zambia, lomwe linakhazikitsidwa mu 1967. Mlandu wotere suweruzidwa kwa amfumu kapena ku khoti la kumudzi, koma ku Khoti Lalikulu. Angaupereke ndi mwini ndalama, kapena wokongolayo mwini ataona kuti madzi afika m'khosi. Khoti likagamula kuti munthu wagwadi, cuma cace cimacoka m'manja mwace ndi kupita kwa woyang'anira, amene kawirikawiri amakhala mkulu wa Boma wochedwa Official Receiver, wa mu unduna wa za cilungamo. Iyeyo ndiye agulitsa katundu ndi kugawira eni nkhongole monga mwa lamulo. Munthu amasiyiridwa zobvala, zofunda ndi zipangizo zocepa za nchito yace, pakuti colinga si kumsiya wamarisece.

Tsono apa ndi pamene ambiri samvetsa. Ndalama za m'buku la ku banki nazonso ndi katundu, monga ng'ombe kapena njinga. Za pa foni, kaya Airtel Money kaya MTN, ndi cimodzimodzi. Cigamulo cikatuluka, simungazitenge mwa kufuna kwanu, ndipo mufunika kuulula mabuku onse amene muli nao, ngakhale lija munaliiwala muli K30 yokha. Kubisa ndi mlandu. Kupatsa mkazi kapena mlamu ndalama ndi colinga cakuti eni nkhongole asazipeze ndi cinyengo pamaso pa lamulo, ndipo khoti liri ndi mphamvu yozibweza. Ngakhale kulipira mwini nkhongole mmodzi yekha cifukwa ndi mbale wanu, muli kudziwa kuti mwagwa kale, kungathe kufafanizidwa. Cotero yankho langa kwa bambo uja linali lakuti iai.

Kunena zoona, ndi anthu owerengeka a kumidzi amene amafika pa cigamulo cotere, pakuti mlandu wa ku Khoti Lalikulu udya ndalama zambiri, ndipo mwini sitolo sangathere mafuta kulondola munthu wa mbuzi zisanu. Cimene cimacitika kawirikawiri nca pafupi. Mwini ndalama akapambana mlandu, angapemphe khoti kuti lilamule banki yanu kumlipira kucokera m'buku lanu, kapena atumize akapitawo a khoti kudzanyamula katundu. Ndiponso banki imene munakongolako ingathe kudzilipira yokha ndi ndalama zimene zalowa m'buku lanu pa banki yomweyo, monga mwa pangano limene munasaina, lija la tizilembo tating'ono timene sitiwerenga. Mlimi amayenda ulendo wonse kufika ku Chongwe, naima pa mzere, nauzidwa kuti m'buku mulibe kanthu. Sikuti amubera. Nkhongole yayamba kudya iye asanasambe m'manja.

Cifukwa cace ndikuti, munthu aziyamba yekha kupita kwa akulu a banki asanamuitane. Awauze zoona, apemphe kuti amtalikitsire nthawi, ndipo zimene agwirizana zilembedwe pa pepala. Mau apakamwa ngobvuta kuwatsimikizira pa khoti.

Za amai nazo zimveke bwino. Ndalama zimene mai wapeza ndi thukuta lace, pogulitsa tomato kapena polandira cilimba, nzace, ndipo nkhongole ya mwamuna siigwa pa iye pokhapo ngati anasaina kuti adzamuimirira. Koma zikasakanizidwa m'buku limodzi la anthu awiri, kudzazilekanitsa kumabvuta ndithu. Ncanzeru kuti mai akhale ndi buku la iye yekha masiku akali abwino, ndi kusunga malisiti oonetsa kumene ndalama zinacokera. Asungicuma a makopaletivu ndi a mipingo nawonso acenjere: ndalama za gulu zisagone m'buku la munthu, pakuti tsiku la tsoka zidzawerengedwa ngati zace kufikira umboni utapezeka.

Ndibwerere kwa wakaloba. Mkulu uja anakongola K1,000 kuti abweze K1,500 pakutha kwa mwezi. Lamulo la obwereketsa ndalama, mutu 398, liti wocita malonda amenewa akhale ndi cilolezo, ndipo ciwongoladzanja coposa 48 pa 100 pa caka khoti limaciyesa cankhanza pokhapo mwini ataonetsa cifukwa. Taonani, pa caka, osati pa mwezi! Khadi nalo ndi la banki, silinapangidwe kuti likhale cikole. Ndinamlangiza bamboyo kuti akalitsekese ndi kutenga lina. Nkhongole yeniyeniyo adzabweza ndithu, koma ndi dzanja lace, osati wina azikolola m'buku mwace usiku.

Wogamulidwa kuti wagwa sangakhale phungu wa Nyumba ya Malamulo kapena mkulu woyendetsa kampani, ndipo sayenera kukongola ndalama zambiri osaulula za cigamuloco, kufikira khoti litammasula. Kumasulidwako kulipo, ndipo khoti limayang'ana ngati munthuyo anacita zinthu moona mtima.

Basi itafika ndinamlembera bambo uja pa kapepala dzina la Legal Aid Board, bungwe la Boma lothandiza pa milandu anthu osatha kulipira loya. Ndinamuuza kuti popita atenge citupa cace, mapepala a nkhongole zonse zitatu, ndi kope lija lolembamo maina a anthu amene anatenga mcere osalipira, pakuti zimenezonso ndi cuma cace.