'Bola akuyenda' si kuchira

Munthu amene adagwidwa ndi sitiroko akadzuka pamphasa n'kuponya phazi koyamba, abale mitima imakhala pansi. "Bola akuyenda," amatero, ndipo maulendo a kuchipatala amathera pomwepo. M'midzi ya m'mbali mwa nyanja ku Mangochi, kuchokera ku Makanjira mpaka ku Chembe, mawu awiriwa akusiya anthu ndi chilema chimene chikadatha kuchepa.

Woyang'anitsitsa aona kuti phazi la mbali yofookayo limalendewera, zala zitaloza pansi. Vuto silili m'phazimo ayi. Ubongo ndiwo ukulephera kutumiza uthenga ku mnofu wa kutsogolo kwa msongolo, umene ntchito yake ndi kudzutsa phazi pakakolo. Munthu walunga akamayenda, zala zimadutsa pamwamba pa nthaka ndi sentimita imodzi kapena ziwiri basi. Kampata kameneka kakasowa, chala chimakhula dothi.

Apa thupi limapeza njira zachidule. Ena amakweza chiuno mbali imodzi n'kuponya mwendo chozungulira ngati akutchetcha udzu. Ena amatukula bondo ngati akukwera masitepe. Poponda, m'malo moyamba ndi chidendene amafikira zala kapena m'mphepete mwa phazi, ndipo bondo limagwera m'mbuyo. Chiuno, bondo ndi kakolo, zomwe zimayenera kulandirana ngati opalasa bwato limodzi, chilichonse chimayamba kupalasa pachokha. Mwendo wabwino umasenza katundu wa iwiri. Zotsatira zake ndi msana wowawa, kutopa msanga, komanso kugwa.

Kunyanja vutoli limakula. Mchenga umameza phazi lofooka, ndipo patapata, nsapato ya aliyense kumeneko, amafuna zala zamphamvu zomugwira. Mayi amene amatha kuzungulira pakhomo sangafike pathandala la usipa, bambo sangakwere m'bwato. Ndiye kuti akuyenda koma ntchito yaima, ndipo banja likudya mpamba.

Chomvetsa chisoni n'chakuti thandizo lilipo. Miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi yoyamba ndi imene ubongo umaphunziranso mwachangu. Mafizo a tsiku ndi tsiku, owongola kakolo kuti asaume ndi ophunzitsa mwendo kusenza thupi, amasintha mayendedwe. Palinso kachipangizo ka pulasitiki kovala m'nsapato yotseka, kamene kamagwira phazi kuti lisagwe. Koma miyezi yagolideyi nthawi zina imathera kwa asing'anga, poganiza kuti wodwalayo adaponda mankhwala. Chonsecho kafukufuku wa unduna wa zaumoyo ndi bungwe la WHO wa mu 2009 adapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu alionse m'dziko muno ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, gwero lalikulu la sitiroko.

Abale asamangodzudzulidwa. Malo odziwika ophunzitsirako anthu kuyendanso, a Kachere, ali ku Blantyre, mtunda wa makilomita pafupifupi 190 kuchokera pa boma la Mangochi. Wa ku Makanjira ayambe wapeza ya galimoto yokafikira pa bomapo, ndipo sayenda yekha. Nanga akafunika kupita sabata iliyonse?

Sukulu ya College of Medicine, yomwe tsopano ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences, idayamba kuphunzitsa akatswiri a mafizo mu 2010, ndipo ili ndi nthambi ku Mangochi komweko. Unduna uwalembe ntchito akatswiriwa n'kuwapatsa njinga zamoto, kuti pa masiku odziwika azipezeka ku Monkey Bay, Namwera ndi Malindi, kuyeza anthu zipangizo ndi kuphunzitsa owasamalira.

Alangizi a zaumoyo, amene amayenda kale khomo ndi khomo, safunika makina kuti athandizepo. Angomuuza wodwala ayende kuchoka pakhonde kukafika pankhokwe, iwo maso ali pa chidendene ndi bondo. Chala chikasiya mzere padothi, imeneyo ndi kalata yobwerera kuchipatala sabata yomweyo.