Mng'oma woyenera mlimi wa njuchi wa kwa Njewa ndi uti?

Woyenda pa msewu wa ku Mchinji, kuchokera m'tauni ya Lilongwe mpaka ku Namitete, amaona minda ya chimanga, fodya, mtedza ndi soya itayala mbali zonse. Mitengo ikuluikulu yachilengedwe yatsala makamaka m'manda, momwe mwambo sulola nkhwangwa kulowa wambawamba. Ku Nsaru ndi kwa Kabudula zinthu zili chimodzimodzi. Nkhani ya ming'oma kuno iyenera kuyambira pamenepa, chifukwa mng'oma umene makolo ankaudziwa unkachokera pa mtengo waukulu.

Mng'oma wa khungwa tisaunyoze. Munthu ankasenda khungwa la mombo kapena tsamba, n'kulilumikiza ndi zikhomo, kutseka uku ndi uku, kenako n'kulipachika m'mwamba. Ndalama sinkalowapo, ndipo njuchi zimaukonda chifukwa umafanana ndi mphako. Kumpoto chakumadzulo kwa Zambia, ku Kabompo ndi ku Mwinilunga, alimi ambirimbiri amafulabe uchi m'ming'oma yotereyi, ndipo uchi ndi phula lawo zimagulitsidwa mpaka ku Ulaya. Amene amati mng'oma wamakolo sungatulutse uchi wabwino akulakwa. Uchi umaipa ndi kafulidwe: utsi wochuluka, komanso kufinyira pamodzi zisa za uchi ndi za ana.

Koma kumeneko nkhalango idakalipo yaikulu ndipo anthu ndi otalikirana. Mtengo wosendedwa khungwa kuzungulira umauma, ndipo ife mitengo yotere tiitenga kuti? Yotsala yochuluka ili ku Dzalanyama, kumene kumachokera mtsinje wa Lilongwe umene mzinda wonse umamwa, nkhalango yomwe makala aidya kale moti mu 2015 boma linatumizako asilikali. Sindingalimbikitse munthu kukasendako khungwa.

Mbali inayo kuli mng'oma wa Langstroth, bokosi la mafelemu lija limene ambiri amalitcha lamakono, ngakhale kuti m'busa wa ku America, Lorenzo Langstroth, analembetsa luso lake mu 1852. Iye anazindikira kuti njuchi zimasiya kanjira ka mamilimita 6 mpaka 9 pakati pa zisa. Mpata ukachepa zimaumata, ukakula zimamangamo chisa china. Posunga muyeso umenewu, felemu lililonse limazuka bwinobwino. Uchi umachotsedwa ndi makina ozungulira, chisa n'kubwezedwa chili chathunthu. Phindu lake ndi lenileni, pakuti njuchi zimadya uchi wokwana pafupifupi makilogalamu 6 mpaka 8 kuti zipange kilogalamu imodzi ya phula. Chisa chikabwerera, mphamvu yonseyo imapita ku uchi. Bokosili limanyamulikanso pa galimoto, choncho amene ali ndi munda waukulu wa makadamiya kapena mpendadzuwa ndipo akufuna njuchi pa nthawi ya maluwa, ali ndi chifukwa chomveka cholisankhira.

Vuto ndi lakuti Langstroth sayenda yekha. Amafuna makina aja, timapepala ta phula toyambira zisa, waya wa m'mafelemu, chotchinga mfumukazi kuti isaikire mazira m'chipinda cha uchi, ndi matabwa ouma bwino odulidwa mosaphonya. Kalipentala akalakwitsa pang'ono, kapena thabwa laliwisi likapindika ndi dzuwa la Okutobala, njuchi zimamanga zisa mopingasa mafelemu. Pamenepo mlimi amadula zisa ndi mpeni monga akanachitira mu khungwa, chonsecho walipira ndalama zochuluka. Ndipo njuchi zathu si za ku Ulaya. Zikasowa maluwa kapena madzi, zikavutitsidwa ndi linthumbu, zimangosamuka zonse. Bokosi lodula likakhala lopanda njuchi, ndalama yagona pa mtengo. Munthu wa ming'oma khumi yotsika mtengo, njuchi zikathawa mu inayi amafulabe. Wa mabokosi awiri odula, zikathawa mu limodzi theka la chuma chake lapita. Ichi ndicho chimandipweteka ndikaona gulu la amayi likulandira mabokosi okongola popanda makina, popanda wowaphunzitsa wobwera kawirikawiri. Zikalephereka, mlandu umagwera iwo kuti ndi osasamala, pomwe chida ndicho sichinagwirizane ndi malo.

Pakati pa ziwirizi pali mng'oma wa timatabwa tapamwamba, umene alangizi amautchula kuti Kenya top bar. Unakonzedwa cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 ndi akatswiri a pa yunivesite ya Guelph ku Canada, Gordon Townsend ndi Maurice Smith, pa ntchito yothandiza alimi a ku Kenya. Kuno kwathu unafala kwambiri kumpoto, m'midzi yozungulira Nyika ndi Vwaza, kudzera mu ntchito ya njuchi imene Malawi anachita ndi dziko la Germany. Maonekedwe ake ndi ngati chomwera ng'ombe: wautali pafupifupi mita imodzi, wotakasuka pamwamba, wopanikiza pansi. Kupendekeka kwa m'mbaliko kumachepetsa kumata zisa kukhoma. Pamwamba pamayalidwa timatabwa, ndipo kalikonse kamanyamula chisa chimodzi.

Ubwino wake waukulu, kwa ine, ndi wakuti muyeso wosayenera kuphonya ndi umodzi wokha: m'lifupi mwa kathabwa. Kwa njuchi zathu ndi mamilimita 32 kapena 33. Mabuku a ku Ulaya amanena 35 chifukwa njuchi zawo ndi zokulirapo, ndipo kalipentala wotengera za m'buku lotere amapanga mng'oma womwe zisa zake zimalumphira pa kathabwa kena. Pakati pa kathabwa, kunsi kwake, pamafunika kamzere kopakidwa phula kuti njuchi zidziwe poyambira.

Zina zonse munthu akhoza kusintha malinga ndi thumba lake. Ku Ethiopia thupi la mng'oma wotere amaluka ndi timitengo kapena nsungwi n'kumata ndi dothi, ndipo amautcha chefeka. Kwa Njewa nsungwi zimamera, dothi lilipo, anthu oluka nkhokwe ndi madengu alipo. Malaina nawonso amapala bwino ndipo sapindika msanga akauma. Denga la lata limateteza mvula koma limatenthetsa mpaka zisa zanthete kuthothoka, choncho pamwamba pake pafoleredwe udzu. Makomo akhale timabowo ta mamilimita 8 mpaka 10, kuti tizilombo tikuluikulu tisalowe. Mng'oma upachikidwe ndi waya wopaka girisi, pa msinkhu woti mayi afule ataima pansi.

Zofooka zake nazo zilipo. Chisa chimapachikika pamwamba pokha, ndiye mukachigoneka chammbali chimathyoka. Mng'omawu sunyamulika wodzaza. Pofula, chisa chimadulidwa, motero uchi wake pa mng'oma umodzi ukhoza kuchepa poyerekeza ndi Langstroth wosamalidwa bwino. Koma chisa chodulidwacho sichotayika. Phula ndi katundu wosawola, wosafuna botolo, wopangira makandulo, mafuta odzola ndi polishi. Ambiri amalitaya akafinya uchi, ndipo pamenepo ndi pamene top bar amaoneka ngati woperewera.

Palinso mfundo imene mkangano wa mabokosi umaiphimba. M'dera la minda yokhayokha, maluwa amachuluka miyezi yochepa kenako n'kusowa, ndiponso mankhwala opopera mbewu amapha njuchi. Kuchulukitsa ming'oma pamalo opanda mitengo kumangogawa njala. Wofuna uchi abzale mitengo ya maluwa, asiye zitsa ziphukire m'malire a munda, aike madzi pafupi m'chilimwe, ndipo agwirizane ndi anansi kuti azipopera madzulo njuchi zitalowa.

Maganizo anga ndi awa. Langstroth asiyidwire kopaletivu kapena famu imene ili kale ndi makina ndi munthu wodziwa kuyendera njuchi. Mlimi wamba wa kwa Njewa ayambe ndi top bar wopangidwa m'dera lake lomwe, thupi la nsungwi kapena malaina, ndalama yake aiike pa timatabwa todulidwa molondola, chovala chodzitetezera ndi chofukizira utsi. Mabungwe ofuna kuthandiza, m'malo mobweretsa mabokosi opangidwa kale, aphunzitse akalipentala a pa Mpingu, Namitete ndi Nsaru muyeso wa mamilimita 32, ndipo apezere alimi msika wa phula.