Cikuta ca mayi wa opaleshoni cikhale ca masabata 6

Uthenga ukafika ku Katete, ku Petauke kapena ku Chadiza wakuti mwana wamkazi wa ku Lusaka wacira ndi opaleshoni, amake amanga katundu nakwera basi. Afika ku Kabanana, komboni ya kumpoto kwa mzinda yoyandikana ndi Chazanga ndi komboni ya Chipata, atanyamula ufa, nkhuku ndi nzeru zimene anazilandira kwa makolo ao. Ulendo wotere ngwoyamikika. Koma zina mwa nzeruzo zinakonzedwera mayi wobala mwa njira ya masiku onse, ndipo pa mimba yong'ambidwa zikhoza kubweretsa tsoka.

Mwambo uti mayi atuluke m'cikuta mcombo wa mwana ukagwa, ndiko kuti patapita sabata imodzi kapena kupitirira pang'ono. Akatuluka ayamba kusesa, kucapa ndi kutunga madzi. Pa masiku omwewo cilonda ca opaleshoni cioneka couma pakhungu, ndipo apongozi akaciona ati mwana wacira, angocita ulesi. Apa mpamene pagona vuto, pakuti cimene maso aona ndi khungu lokha.

Pocotsa mwana, dotolo aceka mopingasa m'munsi mwa mimba, utali wa masentimita 10 mpaka 15. Apyola khungu ndi mafuta, naceka cikopa colimba coyera cimene cikuta minofu ya pamimba. Minofuyo kawiri-kawiri saidula, angoikankhira uku ndi uku kuti afike pa ciberekero. Pomaliza asoka ciberekero, cikopa cija ndi khungu. Khungu ligwirana msanga, koma cikopa ca mkatico, cimene cigwira matumbo kuti akhale m'malo mwake, cifuna miyezi kuti cilimbenso. Mayi akacikakamiza msanga cikhoza kulekana, matumbo nkuyamba kutulukira pansi pa khungu monga cotupa. Mankhwala a cotupa cotere ndi opaleshoni ina.

Ncifukwa cake anamwino alangiza kuti kwa masabata 6 mayi asanyamule cinthu colemera kuposa mwana wake. Khanda lilemera makilogalamu ngati 3. Cigubu ca madzi ca malita 20 cilemera makilogalamu 20, ndipo m'nyumba zambiri za m'makomboni madzi acokera ku pompi ya kutali. Thumba la makala, ndowa ya zocapa, ngakhale mwana wamkulu wofuna kuberekedwa, zonsezi zipitirira muyeso. Lamulo la nchito la caka ca 2019 linapatsa mayi wolembedwa nchito masabata 14 opuma. Wogulitsa tomato pa msika wa Kabanana alibe bwana womupatsa masabata amenewo. Angampatse ndi mwamuna wake, amake ndi apongozi ake basi.

Nkhani yaciwiri, imene amayi ambiri aopa kuichula, ndi dzanzi. Pamwamba pa cipsera khungu likhala ngati la munthu wina: kulikhudza, mayi samva kanthu. Ena ayesa kuti alodzedwa, ena ati dotolo anaononga cina m'kati. Coona ncakuti mpeni podutsa pakhungu udula timinyewa ting'ono-ting'ono tonyamula kumva, ndipo timeneti timera pang'ono-pang'ono, ngati milimita imodzi pa tsiku. Pomera paja mayi amva kuyabwa, kulasa-lasa kapena kunyerenyesa, ndipo zimenezi nzosaopsa. Kwa ambiri kumva kubwerera m'miyezi ingapo, kwa ena patapita caka, ndipo ena atsala ndi kadera kadzanzi moyo wonse popanda cobvuta ciliconse.

Dzanzi limeneli ndilo licititsa kuti mwambo wothowa mayi ndi madzi otentha ukhale woopsa kwa mayi wa opaleshoni. Khungu losamva silingamcenjeze mwini wake kuti nsalu yatentha kwambiri. Mayi akhoza kupsa osadziwa, ndipo cilonda ca moto pafupi ndi cilonda ca mpeni ndi khomo la matenda. Kukanikiza mimba kuti "zoipa zituluke" kukhozanso kutsegula posokedwa. Agogo ofuna kuthowa athowe msana ndi mapewa ndi madzi ofunda cabe, mimba aisiye. Pacilonda pasapakidwe phulusa, mafuta kapena mankhwala a zitsamba. Pafunika kungokhala paukhondo ndi pouma.

Nanga citenje comanga pamimba? Cikamangidwa momasuka cithandiza mayi kuyenda ndi kutsokomola popanda kuwawa kwambiri. Koma sicibweza mimba, ngakhale anthu atero. Mnofu ulimba pogwira nchito yake, ndipo citenje comangidwa kolimba usana ndi usiku cingoutsekereza mpweya ndi kukhula cilonda.

Kupuma kumene kukunenedwa pano sikugona pamphasa tsiku lonse. Mayi ayenera kuyenda pang'ono kuyambira tsiku lotsatira opaleshoni, cifukwa kugona kwambiri kuumitsa magazi m'mitsempha ya m'miyendo. Podzuka ayambe wagudubukira cammbali, atsitse miyendo, kenaka adzikankhe ndi manja. Potsokomola kapena poseka agwirize mimba ndi pilo. Atagona cagada, maondo atapinda, apume mozama, ndipo potulutsa mpweya akokere mcombo m'kati mofatsa, agwire pang'ono, namasula. Acitenso monga munthu woletsa mkodzo, nkumasula. Zocita zimenezi zioneka zacabe, ndipo mlendo wa kumudzi angaseke poona munthu wamkulu akuphunzira kupuma, koma ndizo ziutsa minofu imene inatambasuka miyezi 9. Zolimbitsa thupi zolemera, monga kudzuka cagada mobwereza-bwereza, zidikire mpaka anamwino atamuona pa sabata la 6 ndi kumloleza. Cilonda cikapoleratu, kusisita cipsera ndi zala mofatsa tsiku ndi tsiku kucifewetsa ndi kuzoloweretsa khungu kukhudzidwa.

Pali zizindikilo zosafuna kudikira msonkhano wa banja: kutentha thupi, mafinya kapena fungo pacilonda, cilonda kutseguka, magazi ambiri, mwendo umodzi kutupa, kapena kubanika. Wa ku Kabanana athamangire ku kiliniki kapena ku cipatala ca m'komboni ya Chipata, cimene cinakulitsidwa ndi thandizo la dziko la Japan, ndipo zikakula amtumiza ku UTH. Wa kumudzi ali ndi zipatala monga St Francis ku Katete, Mwami ndi Nyanje. Mimba ina idikire zaka 2 kuti ciberekero cilimbe, ndipo mwana wotsatira akabadwire ku cipatala kumene kuli dotolo.

Kafukufuku wa Boma wa 2018 anapeza kuti ana 5 pa 100 alionse m'Zambia anabadwa ndi opaleshoni. Komabe alipo anthu onyoza mayi wotere kuti analephera kubala, kapena omnamizira cigololo. Mwana akagona mopingasa, kapena mutu ukakula kuposa njira, palibe kulimba mtima kumene kungamtulutse. Mau onyozawo ndiwo acititsa mayi kusenza cigubu pa tsiku la 10 kuti aonetse kuti si waulesi.

Agogo ambiri abwerera kumudzi patapita masabata 2, maka-maka mvula ikayandikira ndipo munda ukudikira. Asanakwere basi, akhale pansi ndi mkamwini wao, apangane poyera za yemwe adzatunga madzi, kucapa ndi kusenza makala pa masabata 4 otsalawo.