Sikelo yomwe mpingo wathu ulibe

Ku msika wa fodya wa Chinkhoma ku Kasungu, belo lililonse limakwera pa sikelo. Nafenso mu mpingo timakonda kuwerenga: obatizidwa, chakhumi, opezeka ku Sukulu ya Sabata. Koma m'buku la mlembi mulibe polemba ngati munthu akudzimva kuti ndi mmodzi wa ife.

Mu 1986, akatswiri David McMillan ndi David Chavis anati munthu amadzimva kuti ali pagulu pakakhala zinthu zinayi: kulandiridwa, kumveredwa, kuthandizidwa pa zosowa, ndi kugawana chimwemwe ndi chisoni. Mu 2003, Ilan Meyer anafotokoza kuti anthu okopeka ndi anzawo ofanana nawo ziwalo amapsinjika maganizo chifukwa chosalidwa, kuopa kukanidwa ndi kukhalira kubisa.

Kuno kwathu kuyeza zimenezi nkovuta. Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga anagamulidwa zaka 14 mu 2010, Bingu wa Mutharika asanawakhululukire. Mu June 2024 khoti linati malamulo oletsa mchitidwewu apitirire. Ndiye mnyamata wa pa esiteti ya fodya ku Santhe kapena ku Chamama, komwe nkhani siigonera, angayankhe zoona pa pepala la kafukufuku? Mapepala akabwerera osalembedwa, tisamati kuli bwino. Taona mantha chabe.

Chiphunzitso chathu nchodziwika. Chikalata cha General Conference cha 1999 chimati ukwati ndi wa mwamuna mmodzi ndi mkazi mmodzi. Chomwechonso chimati munthu aliyense ndi wamtengo wapatali kwa Mulungu ndipo tizimuchitira chifundo. Mbali yoyamba timailalikira mwamphamvu. Yachiwiri palibe amafufuza ngati tikuisunga.

Sindikunena kuti tilembe mayina; mndandanda wotere ungapereke anthu m'manja mwa owazunza. Ofunika kukwera pa sikelo ndi ife. Akulu a mpingo ndi atsogoleri a achinyamata adzifunse: wophunzira akaulula zakukhosi kwa abusa, nkhaniyo imathera pomwepo? Nthabwala za ku hositelo zimatonza ndani? Amene anasiya kubwera pa Sabata, tinamuyendera kapena tinangomujeda?

Mbusa wa pa Luka 15 anadziwa kuti nkhosa imodzi palibe chifukwa ankasamala iliyonse. Abale ndi alongo, pa benchi yomwe mumakhala pakhoza kukhala wina amene amaimba nanu, koma akadwala kapena akasweka mtima sadziwa khomo loti agogode. Kodi lanu angagogode?