ZA MOYO WABWINO: Mwana akatentha thupi atabayidwa katemera

Anzanga a kunyanja, sabata ino tikambe za katemera woteteza ana ku nthenda youmitsa khosi. Amayi ambiri amadandaula kuti mwana anapita ku sikelo ali bwinobwino, koma usiku wake anatentha thupi nalira mpaka tambala woyamba. Dandaulo limeneli n'loona, ndipo sitibisa.

Nthendayi imagwira khungu lopyapyala lokuta ubongo. Mwana amakana bere, liwombo limatukumuka, ndipo angathe kumwalira pa masiku owerengeka. Wopulumuka nthawi zina amatsala wogontha. M'chaka cha 2002 Boma linayamba kupereka katemera wa tizilombo totchedwa Hib, amene ali m'jekeseni ija yoteteza nthenda zisanu, ndipo ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ana odwala mtundu umenewu anachepa kwambiri. Mu November 2011 panabwera katemera wa chibayo, amene amatchinganso mtundu wina wa nthendayi. Onse awiri amabayidwa pa ntchafu, mwana akakwana masabata 6, 10 ndi 14. Mulibe tizilombo tamoyo m'menemo, choncho sangampatse mwana nthenda youmitsa khosi.

Chimene mudzaona ndi ichi: ntchafu imatupa pang'ono ndi kupweteka, thupi limatentha tsiku limodzi kapena awiri, ndipo kachotupa kolimba kangakhalepo masabata angapo. Muyamwitseni kawirikawiri, mum'vule zofunda zambiri, ndi kuika kansalu konyowa pamene anabayapo. Panado mupatseni pa muyeso umene anamwino akuuzani. Agogo, lumo la mphini likhale m'thumba, pakuti kutema pamenepo ndiko kumabweretsa chilonda.

Choopsa chenicheni chilipo, koma n'chosowa: pafupifupi kamodzi pa majekeseni 1 miliyoni mwana amatupa nkhope ndi kubanika. Zimenezi zimachitika msanga, n'chifukwa chake musathamangire galimoto kapena bwato. Khalani kaye pa sikelo mphindi 15 kapena kuposa. Mwana akakomoka, akalira kosalekeza maola atatu, kapena potupapo pakachita mafinya, bwererani naye ku chipatala tsiku lomwelo.

Tsono mverani bwino apa, inu a ku Makanjira, Malindi, Monkey Bay ndi m'mbali mwa Malombe. Kwathu kuno udzudzu ndi wochuluka, ndipo sudziwa kuti mwana wabayidwa dzulo. Mayi angakhale pansi masiku anayi akunena kuti "ndi jekeseni ija," chikhalirecho ndi malungo akum'maliza magazi mwanayo. Kutentha kwa katemera sikupitirira masiku awiri. Kukapitirira, kapena kukayamba patapita sabata, kamuyezetseni magazi. Abambo, musadikire kuti mugulitse kaye usipa; nyamulani njinga. Dziwaninso kuti katemerayu satchinga mitundu yonse ya nthendayi, motero khosi louma kapena liwombo lotukumuka ndi la kuchipatala ngakhale buku la mwana lili lodzaza.

Mawu pang'ono kwa abale athu Achisilamu a ku Namwera ndi kwa Mponda amene akukonzeka ulendo wa Haji. Dziko la Saudi Arabia limafuna chikalata cha katemera wina wa nthenda yomweyi, wotchedwa ACWY, pakuti mu 2000 inabuka pakati pa alendo a ku Mecca. Mubayitse masiku 10 kapena kuposa musananyamuke. Mkono udzawawa, mwina mutu udzapweteka, koma pa masiku awiri mudzagwira khasu ngati kale.