Lole ikati zii pamtsetse, ife tisati zii

Amayi anzanga, ndi kangati takwera lole kupita kumaliro, kumsonkhano wa bungwe lathu kapena kuchikondwerero cha makwaya, tikuimba njira yonse? Ndalama timasonkha tokha, galimoto timapeza tokha, koma za kayendetsedwe kake sitifunsa kanthu. Ine ndikuti tiyambe kufunsa, makamaka za pamtsetse.

Mwanza ndi dera lamapiri. Kaya mukuchokera ku Thambani, kaya muli mumsewu wa M6 kulowera ku Zalewa, mitsetse siisowa. Mwamvapo mathiraki ochokera ku Tete akubangula potsika. Kubangulako sikutanthauza kuti awonongeka ayi. Ndi injini imene ikugwira galimoto kuti isathamange.

Mabuleki amaimitsa galimoto pokhulana ndi chitsulo cha kumateyala, ndipo akamakhulana amatentha. Dalaivala akawaponda kuyambira pamwamba pa phiri mpaka pansi, lole itadzaza anthu, nkhuni ndi matumba a ufa, amatentha mopitirira mpaka kusiya kugwira. Fungo la chinthu chopserera limene mumamva nthawi zina ndi chenjezo lake.

N'chifukwa chake dalaivala wodziwa ntchito amalowetsa giya yaing'ono asanayambe kutsika, ija yomwe akanakwerera phiri lomwelo. Malole ambiri a dizilo alinso ndi buleki ya kuekizozi, imene imapanikiza utsi kuti injini ibweze liwiro. Zikatero mabuleki a phazi amapuma, n'kudzagwira bwino mwana kapena mbuzi ikadutsa mwadzidzidzi.

Vuto ndi lakuti ena amachotsa giya, ena mpaka kuzimitsa injini, ati kupulumutsa mafuta. Lole imangoti zii, n'kumatsetsereka ngati wilibala. Apo ndiye poopsa. Injini ikazima, chiwongolero chimauma, ndipo mphamvu yothandiza mabuleki imatha akangowaponda kangapo.

Wina anena kuti dizilo wakwera mtengo, dalaivala naye ali ndi ana. N'zoona. Koma injini imene ikutsika phiri ili m'giya, phazi litachoka pamoto, siimwa mafuta ambiri. Zimene angapulumutsezo sizingalipire mwendo wa mayi mmodzi wogonekedwa pachipatala cha boma cha Mwanza, ana ake akusowa wowaphikira. Ndipo ifenso tili ndi mbali yathu: tikamanenerera mtengo mpaka mwini galimoto kutsala wopanda phindu, tikumukankhira ku chinyengo chomwechi. Tilipire zokwanira mafuta, kenako tilankhule mopanda manyazi.

Winanso ati: "Ife sitinagwirepo chiwongolero, tingamuuze chiyani dalaivala?" Kuti mudziwe kuti nsima yapserera simufunika kukhala wophika. Makutu ndi mphuno tili nazo.

Tsono pa ulendo wotsatira tichite izi. Amayi apampando anene pokambirana mtengo kuti sitilola kutsika phiri injini itazima kapena giya itachotsedwa. Mmodzi wa ife akhale kutsogolo, ndipo akamva kuti injini yati zii, anene mwaulemu kuti: "Achimwene, bwezerani giya, sitikuthamangira kanthu." Fungo lopserera likamveka, tipemphe kuti aime pamalo abwino mabuleki azizire. Tisamadzazenso lole mopitirira muyeso chifukwa choopa kusiya mnzathu. Kulemera ndiko kumapha mabuleki.

Pemphero la paulendo tisalisiye. Koma tikati amen, nyimbo zitsike pang'ono pofika pamtsetse, kuti timve ngati injini ikulira.