Mzere wa kuchipatala si chilungamo

Tchuthi chapitachi ndinaperekeza agogo anga kuchipatala china chaching'ono cha kwathu ku Ntcheu. Ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo m'buku lawo la kuchipatala munalembedwa tsiku loti apitenso. Munalembedwa tsiku lokha, ola ayi. Tinanyamuka kusanache pa kabaza, ndipo tinafika 6 koloko isanakwane. Tinapeza mabuku ataunjikidwa kale pakhomo, atatsinjizidwa ndi mwala kuti mphepo isawaulutse. Kwa adokotala tinalowa cha m'ma 1 koloko masana. Anawayeza BP, kuwafunsa mafunso awiri atatu, n'kuwalembera mankhwala. Tinadikira maola 7 chifukwa cha ntchito ya mphindi zisanu.

Chimene chinandiwawa kwambiri ndi china. Cha m'ma 9 koloko kunafika mayi wina ali ndi mwana wotentha thupi, wofooka, wosatha kuyamwa. Buku lake linapita pansi pa mulu chifukwa anafika mochedwa. Wina atanena kuti amulowetse msanga, anthu anayamba kung'ung'udza kuti iwonso anasiya ntchito kunyumba. Agogo ndi amene anaimirira n'kunena kuti, "Mayi, dutsani, mwanayu sali bwino." Tsiku limenelo ntchito yosankha wodwala woyenera kuonedwa msanga inagwiridwa ndi gogo wosadziwa kulemba dzina lake. Nanga akanakhala kuti sanabwere?

Mfundo yanga ndi iyi: lamulo loti wofika koyamba ndiye woyamba kuthandizidwa si chilungamo ayi. Limakomera wokhala pafupi ndi chipatala, wa miyendo yolimba, ndi wa ndalama ya njinga yamoto. Limalanga wochokera kutali, nkhalamba, ndi wodwalitsitsa amene sangayende msanga. Matenda sayang'ana kuti wafika nthawi yanji.

Sindikuloza chala adokotala aja. Amene timawatcha adokotala m'zipatala zing'onozing'ono nthawi zambiri ndi ma medical assistant, amene amaphunzira zaka ziwiri m'sukulu ngati Malawi College of Health Sciences. Kawirikawiri munthuyo amakhala yekha, ndipo usiku amadzutsidwanso kukabwera wodwala. Munthu mmodzi sangakhale wolandira odwala, wolemba m'kaundula, woyeza ndi wolemba mankhwala nthawi imodzi. Vuto ndi dongosolo limene limaitana anthu onse a tsiku limenelo kuti afike m'mamawa, ngati tsiku logula feteleza wotsika mtengo. Boma la Ntcheu lili ndi anthu oposa 650,000 malinga ndi kalembera wa 2018. Anthu ochuluka chonchi sangathandizidwe ndi mwala wotsinjiza mabuku.

Chokhumudwitsa n'chakuti njira zabwino tikuzidziwa, ndipo zina zinayambira konkuno ku Malawi. Kuyambira mu 2001, ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, Pulofesa Elizabeth Molyneux ndi anzake anakonza zoti mwana aliyense akangofika aziyamba waonedwa msanga, kuti adziwike ngati ali pangozi, ngati akufunika kutsogozedwa, kapena ngati angathe kudikira. Imfa za ana ogonekedwa zinatsika kuchoka pakati pa 10 ndi 18 pa 100 aliwonse kufika pakati pa 6 ndi 8. Njira imeneyi imatchedwa ETAT, ndipo bungwe la WHO limaiphunzitsa m'mayiko ambiri. Sifuna makina okwera mtengo. Imafuna munthu wophunzitsidwa amene wayima pakhomo n'kumayang'ana: kodi mwana akupuma movutikira, akukomoka, wafooka, watha madzi m'thupi?

Za kupereka masiku nazonso si zachilendo. Amene amalandira ma ARV amapatsidwa tsiku lobweranso, ndipo ambiri amene akupeza bwino amalandira mankhwala a miyezi 6 nthawi imodzi kuti asamabwerebwere. Amayi a kusikelo amadziwa tsiku lawo. Bungwe la Baobab Health linaonetsa kalekale kuti wodwala angathe kulembetsedwa pa kompyuta n'kumatiridwa kapepala ka nambala pa buku lake. Chipatala Cha Pa Foni chinayambira kwa anansi athu ku Balaka mu 2011, ndipo anthu akumudzi anayamba kuimba n'kumafunsa za umoyo wawo. Nanga bwanji wodwala BP, shuga, mphumu kapena khunyu, amene tsiku lake limadziwika mwezi usanathe, aziima pamzere umodzi ndi wamalungo amene wadwala usiku wathawu?

Ndikudziwa yankho limene limaperekedwa: "Amalawi sasunga nthawi, ndipo anthu akumudzi alibe mawotchi." Mawu amenewa ndi chipongwe. Pitani ku Lizulu kapena ku Tsangano tsiku la msika mukaone ngati alimi a kachewere ndi kabichi amachedwa pamene galimoto za ogula zafika. Mapemphero a Lamulungu amayamba anthu atakhala kale pansi. Anthu amasunga nthawi pamene akudziwa kuti nthawiyo isungidwanso ndi mbali inayo. Amalawirira kuchipatala chifukwa anaphunzira kuti wochedwa amapeza mankhwala atatha kapena chitseko chitatsekedwa.

Ena amati wodwala wa kutali sangalonjeze ola, chifukwa mvula ikagwa mtsinje umadzaza ndipo kabaza amasowa. Zimenezi n'zoona, ndipo n'chifukwa chake sindikunena zoti munthu azipatsidwa 10:15 ngati ku London. Ndikunena zogawa tsiku m'zigawo. M'mawa ukhale wa odwala mwadzidzidzi, ana ndi ochokera kutali. Odzalandira mankhwala a nthawi zonse amene amakhala pafupi alemberedwe m'buku kuti abwere masana. Wophonya nthawi yake asabwezedwe, angodikira mpata. Pakhomo pakhale mlangizi wa zaumoyo kapena wothandizira odwala amene waphunzitsidwa zizindikiro zoopsa, azipereka manambala ndi kulowetsa msanga amene sangadikire. Ndipo anthu auzidwe poyera, kudzera kwa mafumu, m'matchalitchi ndi m'mizikiti, kuti kutsogoza mwana wokomoka si kukondera. Zonsezi zimafuna kaundula, cholembera ndi chisankho cha akuluakulu a zaumoyo ku khonsolo. Sizifuna ngongole ya kunja.

Timauzidwa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma kudekha kwa pabenchi kuli ndi mtengo wake. Ndi tsiku la kumunda lotayika nthawi ya kupalira. Ndi mwana wa sukulu amene wajomba kuti aperekeze agogo ake. Ndi wodwala shuga amene wakhala ndi njala mpaka masana. Choopsa koposa ndi munthu amene amati, "Mwezi uno sindipitako, ndikumva bwino," kenako n'kudzafa ziwalo mbali imodzi chifukwa BP inakwera mwakachetechete.

Kwa anzanga a ku KUHeS, MUBAS, UNIMA ndi Mzuni: tisathamangire kupanga app ina yoti tikapambanire mpikisano. Tchuthi chikubwerachi tikakhale tsiku limodzi pabenchi ya chipatala cha kwathu, tilembe nthawi imene munthu wafika ndi imene watuluka, kenako tikaonetse komiti yoyang'anira chipatalacho ndi khansala wa dera lathu. Ena mwa ife tidzakhala kuseri kwa tebulo lija posachedwapa, ndipo tidzasankha kusunga mwala uja kapena kuutaya.

Pobwerera ndinafunsa agogo ngati adzapitenso mwezi wamawa. Anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Mwana wanga, ukakhala kuti wabwerera kusukulu, adzandisungira malo pamzere ndani?"